Liwu Lakuti “Gutter” ndi Njira za Madzi

Anzanga, aliyense amene adayesapo kumasulira Chingerezi adziwa kuti mawu osautsa si aatali aja ayi. Liwu lalitali monga “photosynthesis” lili ndi tanthauzo limodzi lokha, ndipo munthu ukaliloweza wathana nalo. Amene amagwetsa ana a sukulu pa mayeso ndi mawu aafupi a zinthu za masiku onse, pakuti liwu limodzi limasenza matanthauzo anayi kapena asanu, ndipo dikishonale imangowandandika onsewo osanena loyenera kutola. M'phunziro lino ndasankha liwu limodzi lotere, ndilo “gutter”, kuti tione kumene lidachokera, zimene litanthauza, umo Agiriki amalimasulira, ndi mawu amene ife a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi tili nawo pa zinthu zomwezo.

Kapena wina afunsa kuti, “Nanga Chigiriki chalowa bwanji m'nkhani ya ngalande?” Yankho ndi lakuti mlandu wa anthu awiri sutha bwino popanda mboni. Tikayerekeza Chingerezi ndi Chichewa zokhazokha, timafulumira kuganiza kuti chinenero chathu nchoperewera pamene chalephera kupereka liwu limodzi lofanana ndi la Angerezi. Koma tikaitana chinenero chachitatu, chimene Angerezi eniake amachilemekeza, tipeza kuti nachonso chichita monga tichitira ife. Ndiponso Chigiriki si chachilendo kuno. Ku Mvera, m'boma la Dowa, omasulira Buku Lopatulika adalimbana ndi mawu a Chigiriki zaka zambiri, ndipo ku Mtunthama, kutsidya kwa Bua, sukulu ya Kamuzu Academy idatsegulidwa mu 1981 ili ndi lamulo lakuti ana aphunzire Chilatini ndi Chigiriki.

Kumene lidachokera

Aroma akale, polankhula Chilatini, dontho la madzi ankalitcha “gutta”. Afalansa adalandira liwuli nalisandutsa “goutte”, ndipo chinthu cholandira madontho otsika padenga adachitcha “gouttière”. M'chaka cha 1066 ankhondo a ku Normandy, olankhula Chifalansa, adagonjetsa dziko la England, ndipo kwa zaka mazana angapo mawu a Chifalansa adalowa m'Chingerezi ochuluka ngati ngumbi za mvula yoyamba. “Gutter” ndi limodzi mwa mawu amenewo, ndipo pofika cha m'ma 1300 lidali litayamba kulembedwa m'mabuku a Angerezi.

Tsono muzu wake ndi dontho. Nthenda yotupitsa mfundo ya chala chachikulu cha kuphazi, imene Angerezi amaitcha “gout”, idachokera pa muzu womwewu, pakuti asing'anga akale a ku Ulaya ankakhulupirira kuti madzi oipa a m'thupi amadonthera m'mfundo za mafupa. Sungani dontho limeneli m'mutu, pakuti matanthauzo onse amene akubwerawa akula kuchokera pa ilo.

Matanthauzo asanu

Loyamba ndi la padenga. “Gutter” ndi chitsulo kapena pulasitiki yopindidwa ngati nsungwi yong'ambidwa pakati, imene amisiri amakhomera m'mphepete mwa malata kuti ilandire madzi a mvula ndi kuwatsogolera ku paipi kapena ku thanki. Nyumba ya udzu ilibe chinthu chotere. Madzi amangotsika pa udzu nagwera kunja kwa khonde, ndicho chifukwa chake makolo athu sadavutike kuchipatsa dzina. Amisiri a masiku ano amangobwereka la Chingerezi lomwelo, nati gata.

Lachiwiri ndi la mumsewu. M'mizinda, pamene msewu wa magalimoto ukumana ndi poyenda anthu apansi, pamakhala kangalande kosazama kotenga madzi a mvula pamodzi ndi zinyalala zonse za mumsewumo. Kameneko nakonso ndi “gutter”.

Lachitatu ndi la osindikiza mabuku. Tsegulani magazini ino pakati, muyang'ane mpata woyera wotsika pakati pa masamba awiri, pamene adasokerera. Mpata umenewo dzina lake ndi “gutter”, ngakhale mulibe madzi, chifukwa maonekedwe ake ndi a kangalande. Anzathu amene amakonza magazini ino adziwa kuti ukausiya wochepa, malemba oyambirira a mzere uliwonse amabisika mu msoko.

Lachinayi ndi lophiphiritsa. Popeza kangalande ka mumsewu ndiko malo otsikitsitsa ndi onyansitsitsa a mzinda, Angerezi akanena kuti munthu wathera mu “gutter” atanthauza kuti wagwa mu umphawi wadzaoneni kapena m'makhalidwe onyozeka. Nyuzipepala zokonda miseche ndi nkhani zamanyazi amazitcha “gutter press”, ndipo mwana wosauka wogona m'misewu ankamunyoza ndi dzina lakuti “guttersnipe”.

Lachisanu ndi mneni. Kandulo ikayaka pamphepo, mbali imodzi imasungunuka msanga, phula niyenderera pansi m'kanjira, lawi nilimaphethira ngati lifuna kuzima. Pamenepo Angerezi amati kanduloyo ili “guttering”. Amene mumawerengera kandulo magetsi akazima mwaziona izi kawirikawiri.

Taonani kuti m'matanthauzo onsewa muli chithunzi chimodzi, ndicho cha malo otsika, aatali ndi opapatiza, kumene chinthu chimayenderera. Mngerezi adayang'ana maonekedwe, napereka dzina limodzi ku zonsezo.

Agiriki amati chiyani?

Chigiriki chili ndi malemba akeake 24, koma pano mawu ake ndawalemba ndi malemba athu monga momwe amamvekera m'kamwa mwa Agiriki a lero. Mukatsegula dikishonale ya Chingerezi ndi Chigiriki pa liwu lathu lija, simupeza yankho limodzi, koma mndandanda.

Ya padenga ija Mgiriki amaitcha “idroroi”. Liwuli lapangidwa ndi mawu awiri akale: “hydor”, ndiwo madzi, ndi “rheo”, ndiko kuyenda kwa madzi. Onse awiri tidakumana nawo kale m'kalasi osawazindikira. Loyambalo lili mu “hydro-electric”, magetsi opangidwa ndi mphamvu ya madzi, monga a ku Nkula pa mtsinje wa Shire amene adayamba mu 1966. Lachiwirilo lili mu “diarrhoea”, kutsegula m'mimba, kumene kwenikweni kutanthauza kuyenderera kopyola. Anthu wamba a ku Greece, polankhula za masiku onse, chinthu chomwecho amachitchanso “luki”. Limeneli adalibwereka ku Chiteki, kumene amati “oluk”, pakuti dziko lao lidalamulidwa ndi Ateki pafupifupi zaka 400 kufikira nkhondo ya ufulu imene idayamba mu 1821. Choncho ife pobwereka gata sitidachite chachilendo.

Kangalande ka m'mphepete mwa msewu ndi “rithro”, nalonso la pa muzu wa “rheo”. Kanjira ka madzi kokumbidwa m'munda ndi “avlaki”, lochokera ku liwu lakale la mzere wosiyidwa ndi khasu la ng'ombe. Ngalande yaikulu yokumbidwa m'mbali mwa msewu wa kumudzi ndi “handaki”. Paipi yaikulu yopititsa madzi kunsi kwa msewu ndi “ohetos”, kutanthauza chonyamulira. Njira ya madzi onyansa yoyenda pansi pa mzinda ndi “iponomos”, ndipo “ipo” ndiko kuti pansi. Kale liwuli linkanenanso una umene ankhondo ankakumba kunsi kwa linga la adani kuti ligwe, ndipo mpaka lero Mgiriki akafuna kunena za kugwetsa mnzake mobisa amagwiritsa ntchito mneni wochokera pomwepo.

Nanga “gutter press”? Mgiriki satchula ngalande konse, koma amati “kitrinos tipos”, ndiko kuti nyuzipepala zachikasu. Akadati amasulire liwu ndi liwu, anzake akadaganiza kuti akunena za nyuzipepala zimene zagwera m'madzi. Momwemonso ife tiyenera kunena kuti nyuzipepala zamiseche, osati nyuzipepala za m'ngalande.

Apa mboni yathu yanena momveka. Pamene Mngerezi adaona maonekedwe amodzi, Mgiriki adaona ntchito zosiyanasiyana, napereka dzina ku ntchito iliyonse. Palibe wolemera kapena wosauka pa awiriwa. Angogawa dziko mosiyana, monga amayi awiri agawira nkhuku imodzi mosiyana.

Ulendo wa “handaki”

Liwu limodzi pa mndandandawu liyenera kuti tiime nalo pang'ono, pakuti lidayenda ulendo wautali mpaka kufika kwathu kuno. “Handaki” lidachokera ku Chiluya, kumene ngalande yotchinjiriza mzinda amati “khandaq”. M'zaka za m'ma 820 Aluya ochokera ku Spain adalanda chilumba cha Crete, namangapo mzinda, naukumbira ngalande yozama kuuzungulira. Mzindawo udatchedwa ndi dzina la ngalandeyo. Agiriki atalandanso chilumbacho mu 961 adapitiriza kuutcha Chandax, anthu a ku Venice pambuyo pake nati Candia, ndipo lero ndiwo Heraklion, mzinda waukulu wa pachilumbapo.

Aluya omwewo ankachita malonda pa gombe la kum'mawa kwa Afrika, ndipo Chiswahili chidalandira liwu lomwelo. M'Chiswahili “handaki” ndi ngalande yozama yobisalamo ankhondo, kapena njira yoboola pansi. Tsono ku Dzaleka, kumene kuyambira 1994 kwakhala anthu othawa nkhondo ku Congo, Burundi ndi Rwanda, ambiri mwa iwo olankhula Chiswahili, mungathe kupeza munthu wodziwa liwu limene mlimi wa ku Crete amalidziwanso, ngakhale awiriwo sadaonanepo.

Omasulira Baibulo

Tsoka la kumasulira chinthu chimene sudachione lioneka bwino m'mbiri ya Baibulo. Baibulo la Chingerezi la King James, la mu 1611, lili ndi liwu lakuti “gutter” m'nkhani ziwiri.

Yoyamba ndi ya Yakobo pa Genesis 30, pamene adasenda timitengo natiika pomwera ziweto za Labani. Apa liwuli silinena za denga kapena msewu, koma chomweramo nkhosa ndi mbuzi. Ayuda a mu mzinda wa Alexandria, amene adayamba kumasulira Chipangano Chakale m'Chigiriki cha m'ma 250 Yesu asanabadwe, adalemba “lenos”, ndicho chotengera chosemedwa, chonga chimene ankaponderamo mphesa. Iwo adali kudziwa umo abusa amamwetsera ziweto, motero sadasokere.

Yachiwiri ili pa 2 Samueli 5:8, pamene Davide adali kulanda Yerusalemu kwa Ayebusi. Pamenepo pali liwu la Chihebri lakuti “tsinnor”, limene lipezeka kawiri kokha m'Chipangano Chakale chonse. Angerezi a mu 1611 adati ndi “gutter”. Omasulira Chigiriki adati ndi “paraksifis”, ndilo lupanga lalifupi la m'chiuno! Omasulira ambiri a masiku ano amati ndi njira ya madzi yoboola m'thanthwe, makamaka chifukwa mu 1867 Mngerezi wina, Charles Warren, adapeza una wotere pafupi ndi kasupe wa Gihoni, ngakhale akatswiri ofukula zakale amatsutsanabe ngati ndi womwewo. Malo achiwiri a liwulo ndi Salimo 42, ndipo pamenepo Agiriki adalemba “katarraktes”, ndiwo mathithi. Angerezi adalibwereka nati “cataract”, ndipo ndilo liwu limene David Livingstone adatchula nalo mathithi a Shire mu 1859, powapatsa dzina lakuti Murchison Cataracts. Liwu limodzi la Chihebri lidasanduka lupanga, ngalande ndi mathithi, chifukwa omasulirawo adali ndi liwu m'manja koma chinthucho sadachione.

Tsono tibwere kwathu. Mishoni ya Mvera idayamba mu 1889, pamene A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok adafika m'dziko la Mfumu Chiwere. Pambuyo pake William H. Murray adatsogolera ntchito yomasulira Baibulo lonse, ali pa phiri la Kaso pafupi ndi Mvera, pamodzi ndi aphunzitsi a dziko lino, ndipo Buku Lopatulika lidasindikizidwa mu 1922. Pa Mateyu 15:14 ndi Luka 6:39, pa fanizo la wakhungu wotsogolera wakhungu mnzake, Baibulo la King James likuti awiriwo adzagwera mu “ditch”, mbale wake wa “gutter”. Womasulira waulesi akadangolemba kuti ngalande. Koma m'Chigiriki muli “bothynos”, ndilo dzenje, ndipo Buku Lopatulika lidasankha mbuna, dzenje lozama lija alenje amakumba naliphimba kuti nyama igweremo. Munthu wogwera m'ngalande amadzuka nasasa fumbi, koma wogwera m'mbuna satuluka yekha. Pa vesi limeneli Chichewa chili pafupi ndi Chigiriki koposa Chingerezi cha mu 1611, ndipo Mabaibulo ambiri a Chingerezi a masiku ano adasintha nalemba “pit”.

Mawu athu

Ife a kumapiri sitisowa mawu a njira za madzi, pakuti madzi othamanga ndi anansi athu. Phiri la Ntchisi lafika mamita pafupifupi 1,700, pamene Nyanja ya Malawi ili pa mamita osakwana 500 pamwamba pa nyanja yamchere. Madzi ogwa cha ku Mponela amatsata Kasangadzi nakalowa mu Bua, ogwa kum'mawa kwa mapiri a Dowa amatsika ndi Lingadzi ndi timitsinje tina kunka kuchigwa cha Salima, koma onsewo amakathera m'nyanja imodzi.

Ngalande ndi njira ya madzi yokumbidwa ndi munthu. Liwu limeneli nalonso limasenza katundu wambiri, pakuti limamasulira “ditch”, “drain”, “trench” ndi “canal”. Mngerezi wophunzira Chichewa angadandaule nalo monga tidandaulira ife ndi “gutter”.

Khwawa ndi njira yachilengedwe imene imayenda madzi nthawi ya dzinja niuma m'chilimwe. Agiriki ali nalo liwu lolingana ndendende, ndilo “himarros”, kutanthauza choyenda m'nyengo yozizira, pakuti kwao mvula imagwa nthawi yozizira. Pa Yohane 18:1 Kedroni watchedwa ndi liwu limeneli.

Mfuleni ndi kamtsinje kakang'ono. M'Chizulu mtsinje ndi “umfula”, ndipo “emfuleni” ndiko kuti kumtsinje. Kufanana kumeneku kukumbutsa za Angoni, amene ena mwa iwo adakhazikika m'mapiri a Dowa pansi pa Chiwere.

Chigwembe ndi bala limene madzi amang'amba m'nthaka. Angerezi amati “gully”, Agiriki amati “haradra”.

Mgula ndi mtumbira wautali wa dothi wopingasa phiri, wotchinga madzi. Wokweza mgula amasiya ngalande pamene watapa dothilo, ndipo wokumba ngalande amasiya mtumbira. Angerezi akale adaona zomwezi, pakuti “ditch”, ngalande, ndi “dyke”, mtumbira wotchinga madzi, zidachokera ku liwu limodzi lakale lakuti “dic”.

Kalavati ndi liwu lobwereka, lochokera ku “culvert”. Ndiye “ohetos” wa Agiriki uja.

Chifukwa chake nkhaniyi si ya m'kalasi mokha

Tiyambe ndi masamu. Denga la malata la mamita 10 m'litali ndi 6 m'lifupi lili ndi masikweya mita 60. Mvula ya mamilimita 25, imene ingagwe madzulo amodzi a Januwale, imasiya malita 1,500 padengapo, ndizo ndowa 75 za malita 20. Pakakhala gata ndi thanki, madzi amenewo ndi ochapira ndi othirira ndiwo zamasamba. Pakapanda, amagwera pamalo amodzi, nakumba maziko a nyumba, nayamba kanjira kolowera kumunsi. Ndipo mu sayansi tidaphunzira kuti liwiro la chinthu likawirikiza kawiri, mphamvu yake imawirikiza kanayi. Kanjira kamene chaka chino mwana akudumpha, pakapita zaka zochepa ng'ombe silingathe kuoloka. Makolo adati madzi saiwala khwawa: pamene adutsa kamodzi adzadutsanso.

M'minda ya pamtsetse muli ngalande za mitundu iwiri, zofanana maonekedwe koma zotsutsana ntchito. Ina ndi yopatutsa madzi, imene Angerezi amati “storm drain”. Imakumbidwa kumtunda kwa munda, yopendekeka pang'ono, kuti itenge madzi ochokera kuphiri ndi kukawatula pamalo pa udzu kapena pa miyala pamene sangakumbe. Inayo ndi yosunga madzi, imene amati “swale”. Imakumbidwa mopingasa, yosapendekeka konse, yotseka mbali zonse ziwiri, kuti madzi aime ndi kulowa pansi. Poyeza mzere wake alimi amagwiritsa ntchito mitengo itatu yomangidwa ngati lemba A, yokhala ndi chingwe cholendewera mwala, ndipo pamtumbira pake amabzala udzu wa vetiva.

Tsono taganizani mwana wa sekondale amene atate ake ampatsa kapepala ka Chingerezi ka malangizo a ulimi, nati, “Mwanawe, tatiwerengera.” Iye akangoti, “Akuti tikumbe ngalande,” wanena zoona, koma sadathandize. Ngalande yosunga madzi ikakumbidwa yopendekeka, madzi onse amaunjikana mbali imodzi, naphulitsa mtumbira, natsika ndi mphamvu yoposa ya kale. Ngalande yopatutsa madzi ikathera m'malire a munda wa mnansi, chigwembe chimabadwira kwa mnansiyo, ndipo nkhaniyo imakathera pabwalo la amfumu. Mawu awiri okha owonjezera, yosunga kapena yopatutsa, akadapulumutsa chimanga ndi chibale.

Agogo athu adaziona izi m'njira yowawa. Mu 1946 Boma la Nyasaland lidakhazikitsa lamulo losamalira nthaka ndi zachilengedwe, ndipo m'zaka za Bwanamkubwa Geoffrey Colby, kuyambira 1948 mpaka 1956, anthu adakakamizidwa kuunda mizere yopingasa ndi kukweza migula. Wokana ankalipitsidwa kapena kumangidwa. Anthu adazitcha malimidwe, nadana nazo kwambiri, kotero kuti mu 1953 Inkosi Philip Gomani ya ku Ntcheu, potsutsa Chitaganya, idauza anthu ake kuti asamvere malamulowo, ndipo Boma lidaichotsa pampando. Anthu ankauzidwa chochita koma osauzidwa bwino chifukwa chake, ndipo mgula wokwezedwa mwamantha ndi mothamanga umaphulika. Malamulo aja adatha, koma mvula ikadagwabe pa mapiri omwewo, ndipo tsopano udindo wofotokoza uli pa ife amene tidapita kusukulu.

Agiriki nawo adalipira mtengo womwewu. Zaka zoposa 2,300 zapitazo Plato, m'buku lake lotchedwa Critias, adadandaula kuti mapiri ozungulira Athens adali ndi nkhalango kale, koma nthaka yachonde idakokoloka kupita kunyanja, akasupe nauma, dziko nilitsala ngati mafupa a munthu wodwala. Komabe anthu a kumeneko adadziwanso kuweta madzi. Pakati pa msika wakale wa Athens adamanga ngalande yamiyala zaka pafupifupi 2,500 zapitazo, ndipo ikadalipo. Ku Knossos, pafupi ndi Heraklion uja, kumene Arthur Evans adayamba kufukula mu 1900, kudapezeka ngalande ya zaka zoposa 3,000 yotsika m'mbali mwa makwerero. Amisiri ake sadaiongole ayi, koma adaikhotetsa pa khwerero lililonse kuti madzi achepe liwiro, naikamo timaenje totsalira matope. Ndi nzeru yomweyo imene alangizi amatiphunzitsa lero pamene atiuza kuika miyala ndi zikhomo mopingasa chigwembe.

Lamulo la womasulira

Mukakumana ndi liwu la njira ya madzi, m'mayeso kapena m'kapepala ka alangizi, musathamangire liwu loyamba la mu dikishonale. Yambani mwafunsa mafunso atatu. Madziwo akuchokera kuti: padenga, mumsewu, kuphiri, kapena palibe madzi konse? Njirayo adaikonza ndani: munthu kapena madzi eniake? Nanga ntchito yake njotani: kuchotsa madzi, kuwasunga, kapena kuwabweretsa? Mukayankha atatuwa, chinthucho mwachiona, ndipo liwu la Chichewa lidzabwera lokha. Likasowa limodzi, musachite manyazi kunena awiri kapena atatu, kapena kubwereka, pakuti Agiriki omwe amatero. Ndipo pamene simukumvetsa, funsani aphunzitsi kapena akuluakulu a kumudzi, amene mawu a nthaka amawadziwa koposa ife. Safunsa adadya phula.

Zoti muyese

1. Masulirani m'Chichewa mawu awa, lililonse m'chiganizo chakechake: “gutter” ya padenga, “gutter” ya m'buku, ndi “gutter press”.

2. Yezani denga la chipinda chanu chogona, muwerengere malita amene lingalandire pa mvula ya mamilimita 40. Kenaka tsatirani pansi, muone kumene madziwo amapita.

3. Pa tchuthi funsani agogo anu mawu onse amene adziwa a njira za madzi, mulembe ndi mudzi umene mwawamva. Mubwere nawo kwa akonzi a magazini ino, kuti tione ngati a ku Dowa ndi a ku Ntchisi amanena chimodzimodzi.